Kuyamwitsa Fatsani M'nyengo ya Manachesi

Ndikakumbukira chaka chimenecho, choyamba kundifikira ndi fungo la paphewa langa lakumanzere. Linali fungo la mkaka umene khanda labweza n'kuumira pa diresi, losakanikirana ndi fungo la makoko a manachesi limene silinkachoka m'zala ngakhale usambe ndi sopo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, ndipo kumbuyo kwanga kunkakhala mchimwene wanga Fatsani, wa miyezi itatu, mutu wake wofunda utatsamira pakati pa mapewa anga. Kwathu ndi kwa Nthache, m'mapiri mmene njira iliyonse ikakutsitsa imakudikirira ndi chitunda kutsogolo. Mwezi wa Meyi ukafika mitengo ya manachesi imalemedwa mpaka nthambi kukhudza pansi, ndipo amayi a m'midzi yonse amasamukira kumsewu wa tara wochokera kumalire, kukagulitsa kwa anthu a m'mabasi ndi madalaivala a mathiraki. Kwa ife nyengo imeneyo ndi imene inkadyetsa nyumba mpaka mvula. Chimanga chathu chaka chimenecho chinali chochepa, ndipo bambo anali ku Tete, kumene anapita kukagwira ntchito yomanga. Ankabwera mwa apo ndi apo, koma dzinja lonse ndi chisanu chonse cha chaka chimenecho sitinawaone.

Tinalipo ana atatu: ine, mng'ono wanga Tiyamike wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi Fatsani. Pakati pa Tiyamike ndi Fatsani panali wina, dzina lake Chikondi, amene anamwalira asanayambe n'kukhala pansi komwe. Nthawi ya Chikondi amayi ankapita kuganyu, ndipo ankamusiya ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa bere limodzi, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi. Mwana akalira, amayi aakulu ankamupatsa dawale, kaphala kamadzimadzi kotunga pamwamba pa poto, kamene ankamumwetsa ndi chikhato monga ankachitira ndi ana awo onse asanu ndi awiri. Chikondi anatsegula m'mimba, liwombo linalowa, ndipo pofika naye kuchipatala anali atafooka kale. Palibe anatchula dzina la wina aliyense. Maliro anachitika, anthu anabalalika, ndipo amayi ndi mkulu wawoyo anapitiriza kubwerekana mchere ndi moto. Koma Fatsani atabadwa, anamwino atanena kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, popanda madzi, popanda phala, popanda mankhwala a m'botolo la kumudzi, amayi anawagwira mawu amenewo ngati munthu wogwira nthambi powoloka mtsinje wodzaza.

Manachesi atapsa, amayi aakulu anabwera okha kudzapempha mwanayo. Ndinali kutsuka mbale pakhonde ndipo ndinamva zonse.

"Uzindisiyira ine mwanayu. Kumsewu kuli mphepo ndi utsi."

"Achemwali, uyu sindimusiya."

"Ndiye kuti uja ndinapha ndine?"

"Sindinatero."

"Sunatero, koma ndamva."

Anabwerera kwawo pang'onopang'ono, chifukwa maondo ankawavuta. Madzulo ake amayi anandiuza kuti teremu imeneyo sindipita kusukulu. Tiyamike azitsala kwa amayi aakulu, poti iye ankadya chilichonse, ndipo ine ndizipita nawo kumsewu kukalera Fatsani. Sindinatsutse. Ndinapinda yunifolomu yanga n'kuiika pansi pa zovala zina m'dengu.

Masiku a nyengo imeneyo ankafanana kwambiri moti m'mutu mwanga anasanduka tsiku limodzi lalitali. Ndinkayamba ndi kumjigo, zala zitauma ndi chisanu, kenako kuchapa matewera n'kuwayanika pa udzu. Amayi ankakhala ali m'mitengo, kuthyola zipatso zonyowa ndi mame, manja atakalika ndi minga. Akadzaza beseni ndi thumba tinkanyamuka, iwo katundu pamutu, ine mwana kumbuyo, kutsika dambo, kuwoloka pamiyala, kukwera chitunda chimene chinkandipangitsa kumva mtima ukugunda m'makutu. Nsalu inkandidula pachifuwa pomwe panalibe kanthu koigwira, ndipo ndinkaima kawirikawiri kumukweza Fatsani n'kumanganso. Kumsewu mwana sakanakhala pamsana pa amayi, chifukwa basi ikaima amayi onse ankathamangira mawindo, mabeseni akugundana, wina akuponda wina. Ndiye malo anga anali kuseri kwa chigayo china chapafupi, kumene khoma linkatchinga mphepo. Pamenepo pankanunkhira gaga ndi dizilo. Fatsani anazolowera phokoso la injini moti ikazima m'pamene ankadzuka.

Akalira ndinkapita pakona pa chigayo n'kukweza dzanja, amayi n'kubwera. Ankakhala pamwala, kumasula nsalu, n'kumuika kubere. Fatsani sankadziwa kuti kuli mabasi. Ankayamwa modekha, kusiya, kuyang'ana masamba a mtengo, kugwira mkanda wa amayi, n'kuyambiranso. Basi inkatha kuima ndi kunyamuka iye ali pomwepo, ndipo ndinkaona maso a amayi akuitsatira mpaka itakhota, anzawo akubwerera ndi mabeseni opepuka. Ankangomusinthira bere lina.

Ntchito yanga ina inali kukana. Munthu aliyense wodutsa pachigayopo anali ndi chinthu choti ampatse Fatsani. Amayi odzagayitsa ankafuna kumufinyira kachidutswa ka nachesi m'kamwa, dalaivala wina anandipatsa bisiketi kuti ndimunyowetsere, ndipo dzuwa likatentha masana aliyense ankati mwana wamva ludzu, mupatseni madzi. Ine ndinkangonena kuti amayi analetsa. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti ana a masiku ano mwano amauyamba asanamere n'mawere omwe. Ndinalira pang'ono atachoka, osati chifukwa cha mawuwo, koma chifukwa nthawi yomweyo anzanga a m'kalasi ankadutsa kuchokera kusukulu, akukangana za amene anabera pa fulaye. Ndinkabisala kuti asandione. Akapita ndinkakumba kadzenje n'kumasewera phada ndekha, mwendo umodzi ukugwedeza mwana, ndipo nthawi zambiri ndinkagona mwala uli m'manja.

Chakudya chathu cha masana chinali mbatata yowiritsa kapena chinangwa chimene tinkanyamula m'kansalu. Amayi ankandipatsa ine n'kunena kuti iwo adya kale kumsewu. Chimene ankadya ndinkachiona: manachesi ophwanyika amene ogula akana. Madzulo kunyumba ankagawira ine ndi Tiyamike, iwo n'kutsala ndi zokanda m'poto, ndipo nthawi zina ankagona atakhala tsonga, mbale ili pamiyendo. Ndinkaona zonsezi monga mwana amaonera, osadziwa kuti ndi nkhani yoti n'kuuza munthu. Ndinkaganiza kuti amayi onse amakhala choncho, kuti munthu akakula njala imamuchepera.

Mwezi wa Julaye unabwera ndi chiperoni. Kamvula kosalekeza kanakuta mapiri, matewera sankauma, ndipo anthu a m'mabasi sankafuna n'kutsegula mawindo komwe. Zipatso zinayamba kuola m'thumba. Amayi anayamba kufupikitsa nthawi yoyamwitsa, kumuchotsa Fatsani asanakhute hutala ya basi ikalira, ndipo iye anasintha. Ankalira kulira kosatha, kukoka bere n'kulisiya mokwiya, kuyamwa nkhonya yake, ngakhalenso kolala ya diresi langa. Tsiku la sikelo alangizi a zaumoyo anamupachika m'kansalu kaja, anayang'ana muvi, n'kunena kuti mwezi umenewo sanakwere. Anafunsa ngati amayi ankadya bwino, ndipo amayi anati inde. Nkhani inafika kwa amayi aakulu ife tisanafike. Sanabwere. Anangolankhula ali kuseri kwa khola, ngati akuuza mbuzi, kuti mwana wolira njala amamveka ndi mudzi wonse, ndipo dawale sanathe m'dziko. Amayi anatseka chitseko. Tsiku limenelo ndinawaona atagwira kapu ya madzi ndi sipuni, atayima pafupi ndi Fatsani, nthawi yaitali. Kenako anamwa okha madziwo.

Amayi anagwa Lachisanu lina masana. Ine sindinaone kugwa kwenikweniko, ndinangomva beseni likulira pa tara ndi amayi anzawo akuitana dzina lawo. Nditafika manachesi anali akugubuduzika kulowera m'ngalande, basi itapita, ndipo amayi anali chigonere m'mbali mwa msewu, bondo likutuluka magazi. Amene anawadzutsa anali a Lozaliya, mayi wamtali wogulitsa nawo pamenepo, amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ndipo sanabwererenso. Chichewa chawo chinkapendekera ku Chinyungwe ndipo sankazungulira polankhula. Anawatsamiritsa pakhoma la golosale, anawamwetsa thobwa la m'chigubu chawo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, amako adya chiyani lero?"

"Manachesi."

"Dzulo?"

Amayi anayesa kunena kuti chinali chizungulire chabe, koma a Lozaliya sanawayang'ane n'komwe. Anandiuza kuti ndikafika kunyumba ndikauze munthu wamkulu aliyense amene alipo kuti mayiyu akuyamwitsa ndi mafupa. Anaitana wakabaza amene anawanyamula amayi, ndipo ine ndinatsatira wapansi, mwana kumbuyo, beseni lopanda kanthu m'manja. Njira yonse ndinkaganiza za munthu wamkulu woti ndimuuze, ndipo analipo mmodzi yekha. Ndinawapeza amayi aakulu akusenda nandolo. Ndinanena mawu a a Lozaliya monga momwe analili, poti ndinalibe ena. Anasiya kusenda. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ndipo ndinati kuyambira manachesi atapsa. Anandiuza kuti ndizipita.

M'mawa mwake ndinamva mtondo ukulira kwawo kusanayere bwino. Dzuwa litatuluka analowa m'nyumba mwathu osaodira, atanyamula mbale yaikulu ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro zambiri mpaka kuoneka lofiirira, pambali pake mazira awiri owiritsa. Amayi ataona phalalo anamukokera Fatsani pachifuwa.

"Achemwali, ndinanena kale."

"Si la mwana. Mwana ndi wako, uchite naye zimene anakuuza kuchipatalako. Ine sindikuvomereza, koma ndi wako. Iweyo ndiwe wanga. Amayi atamwalira ndinakulera ndine. Dzuka udye."

Anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, n'kumayang'anira sipuni iliyonse monga amachitira ndi mwana wokana kudya. Amayi anadya akulira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'mbale, ndipo amayi aakulu sanawatonthoze. Anangowauza kuti pansi pa mbale patsala. Mazirawo anali a nkhuku imene ankaisungira kuti ifungatire, ndipo nyengo yonse imeneyo sinaswe mwanapiye ndi mmodzi yemwe.

Sabata yotsatira amayi sanapite kumsewu. Anagona m'nyumba ndi Fatsani pambali, akuyamwa nthawi iliyonse imene wafuna, usana wonse. Kumsewu kunapita amayi aakulu ndi maondo awo aja. Kuthamanga sakanatha, ndiye ankangokhala pa beseni lovundikira n'kumakalipira ogula amene ankafinya zipatso osagula. Ankabwera ndi theka la katundu, akudandaula za aliyense, kenako n'kulowa kukhitchini. Ankaphika nandolo wamuwisi, chisoso kapena bonongwe wotendera, nthawi zina usipa pang'ono, ndipo ankafulula thobwa la mawere lomwe ankati limatsitsa mkaka. Ine anandiphunzitsa kukazinga mtedza osaupsereza, kuusinja osafika potuluka mafuta, ndi kuthira nsinjiro masamba atangofewa. Tiyamike, amene ankakonda kutola ndiwo zamasamba n'kuziponyera nkhuku, anamuuza kuti amene sadya zobiriwira sadyanso dzira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sanatchule magulu a zakudya amene tinkaimba kusukulu. Ankangoti mbale isamaoneke mtundu umodzi.

Amayi atabwerera kumsewu katundu wanga anawonjezeka. Kumbuyo mwana, m'manja kontena ya chakudya ndi chigubu cha thobwa, ndipo lamulo linali lakuti ndisadye mpaka amayi atamaliza, ndikabwera ndikanene zoona. Zinali zolemera, ndipo zala zinkachita dzanzi ndisanafike pachitunda. Sindinganame kuti ndinkakondwa. Ndinkatopa mpaka kumakwiyira khanda losalakwa, ndipo tsiku lina ndinamuuza Fatsani m'khutu kuti akule msanga ndimutule. Iye anaseka, kuseka kwake koyamba kotulutsa mawu, ine ndili wokwiya choncho. Kulira kuja kunachepa pang'onopang'ono. Timikono tinayamba kuchita mipindi, ndipo sikelo yotsatira muvi unasuntha. Amayi aakulu atamva anangoti mwina, n'kupitiriza kupeta.

Miyezi isanu ndi umodzi inakwana manachesi akutha, mitengo itatsala ndi timaonda ta kunsonga. Ndinkaganiza kuti tsiku la phala loyamba lidzakhala ngati phwando, koma linali tsiku wamba. Amayi aakulu anali atapita kumaliro ku Thambani. Amayi anasefa ufa pa kansalu, anaphika kaphala kosalala kothira nsinjiro pang'ono, anakapoza, n'kumupatsa Fatsani kunsonga kwa sipuni. Anachita tsinya, analavula, kenako anagwira sipuniyo ndi manja onse awiri osafuna kuisiya. Anadya pang'ono chabe, n'kubwereranso kubere, limene anapitiriza kuyamwa mpaka akuyenda. Amayi anatsuka kambale, anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo anagona masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita ali bwinobwino. Ndinakhala pambali kuwaingitsira ntchentche.

Ndinabwerera kusukulu teremu yachitatu. Yunifolomu inali itafupika, masamu anali atapita kutali, ndipo ndinkawodzera pa desiki. Mayeso a kumapeto kwa chaka ndinalephera, ndinabwereza Sitandade 5, ndipo anzanga aja sindinawapezenso mpaka kumaliza. Kwa zaka zambiri chimenecho chinkandiwawa. Nditakula, ndili ndi ana anga, ndinawafunsa amayi ngati sakanatha kuchita mwanjira ina. Anali akukalamba, akusankha nyemba m'lichero. Anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Ndinatopa, iwenso unatopa. Ndikanadziwa njira ina ndikanaitenga." Sanapepese ndipo sanadzitame, ndipo ndinaona kuti palibe china chimene ndinkafuna kumva.

Lero mawu aja a miyezi isanu ndi umodzi amanenedwa paliponse, pa wailesi, kusikelo, pa zikwangwani za kuchipatala zokhala ndi mayi wonenepa akumwetulira. Ndi mawu oona, ndipo mchimwene wanga ali moyo. Koma ndikawamva ndimaganiza za zimene satchula: amene aziphika, amene azitunga madzi, amene asiye ntchito yake kapena sukulu yake kuti mayiyo apeze pokhala pansi. Mwana amadya kuchokera kwa mayi ake, ndipo mayiyo amadya kuchokera kwa aliyense amene wamuona. Kwathu anamuona mochedwa, atagwa kale pamsewu. Amayi aakulu anamwalira akukhulupirirabe kuti dawale alibe vuto, ndipo sindinawatsutsepo. Anagwira ntchito yaikulu pa chinthu chimene sankachivomereza, ndipo anthu otere sindinakumane nawo ambiri.

Fatsani tsopano ndi bambo, amayendetsa njinga yamoto pakati pa boma ndi kumalire, ndipo za chaka chimenecho sakumbukira kanthu. Mkazi wake atachira mwana woyamba ndinapita kukaona. Nyumba inali yodzaza ndi anthu obwera ndi timalaya, sopo ndi mafuta a mwana, ndipo aliyense ankawerama kuyang'ana khandalo n'kukangana kuti mphuno watengera ndani. Mlamu wanga anali pakona, maso atalowa, mbale ya chakudya ili pansi pafupi ndi phazi lake, itazizira. Ndinapita kukhitchini kukaitenthetsa. Nditabwera anati adya kenako, mwana akagona. Ndinamuuza kuti andipatse mwanayo. Ndinatuluka naye panja, n'kumayenda naye uku ndi uku m'mbali mwa nyumba, msana ukundiwawa monga umachitira masiku ano, mpaka nditamva mlamu wanga akusamba m'manja.